Mutu tikuuphunzitsa, nanga mtima tausiyira yani?

Imitsani mwana aliyense wa Sitandade 8 pa msewu, mumufunse kuti katangale n'chiyani. Akuyankhani mosadodoma: tanthauzo lake, zoyambitsa, zotsatira, ndipo akakhala wakhama awonjezera ndi njira zothana naye. Mukamufunsa mmene munthu amapangira chisankho choyenera, ayala masitepe onse monga analembedwera pa bolodi: zindikira vuto, sonkhanitsa mfundo, ona njira zomwe zilipo, yeza ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, kenako sankha. Mwanayo sakunama, mphunzitsi wakenso sanalakwe. Ndi zimene phunziro la Life Skills limafuna, ndi zimene zimabwera pa mayeso a MANEB. Koma ine ndikuti mwanayu tamunyenga. Tamukonzekeretsa kuyankha funso limene moyo sudzamufunsa.

Moyo udzamukhazika pa desiki mu ofesi ya zachuma, Lachisanu madzulo, bwana ataima kumbuyo kwake ndi vocha yolipira katundu amene sanafike, akumuuza kuti, "Tangosayinani apa achimwene, zinazo tisiyireni ife." Pamenepo m'mimba mudzatentha, m'manja mudzanyowa thukuta. Adzakumbukira lendi, fizi ya mng'ono wake, ndi mnzake uja anasamutsidwira kutali chifukwa chofunsafunsa. Masitepe asanu aja sadzagwira cholembera. Chidzagwira cholembera ndi mantha, kapena dyera, kapena manyazi, kapena chifundo, malinga ndi chimene chinakula kwambiri mwa iye. Ndipo zinthu zimenezi ndi zomwe sukulu zathu, makoleji athu ndi maphunziro a ogwira ntchito m'boma amazisiya kunja kwa chitseko, ngati kuti sizikhudza phunziro la makhalidwe.

Wokayika akumbukire 2013. Ndalama za Cashgate sizinabedwe ndi mbuli. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly ya ku Britain anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala chaka chimenecho, ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'thumba la boma, gawo lalikulu polipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Olowetsa manambala mu kompyuta ndi osayina macheke ku Capital Hill anali anthu a madipuloma ndi madigiri, ndipo woyamba kugamulidwa kundende anali mlembi wamkulu wa unduna. Lamulo loletsa katangale linalipo kuyambira 1995. Kumayambiriro kwa 2013 komweko, madokotala a pa Kamuzu Central Hospital anali atalemba kalata yapoyera yodandaula kuti odwala akumwalira chifukwa chosowa mankhwala. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa osayina aja amene sankadziwa kuti kuba n'kulakwa. Chinawasowa ndi kunyansidwa. Nambala inali pa chekeyo sinawaonekere ngati mwana wa munthu amene wagona pansi m'wodi, botolo la diripi palibe.

Nkhani ngati imeneyi ikachitika timathamangira mankhwala omwe aja. Tiitanitsa msonkhano ku hotela ya kunyanja, tiwerengerana ndime za malamulo pa khoma, tigawana timabuku, tisayina alawansi, n'kubwerera. Makomiti oona za chilungamo akhazikitsidwa m'maunduna ndi m'mabungwe ambiri a boma. Sindikuti malamulo ndi achabe. Ndikuti munthu amene akudziwa kale lamulo simungamuchize pomuwerengera lamulolo kachiwiri.

Ena ati uwu ndi ulaliki, si nkhani ya maphunziro. Madokotala a ubongo anaziona kale zimenezi. Antonio Damasio, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ku yunivesite ya Iowa ku America, anafotokoza m'buku lake la 1994, Descartes' Error, za wodwala amene anamupatsa dzina loti Elliot. Bamboyu anachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa mphumi. Atachira, nzeru zake zinali zonse. Ankakumbukira zinthu, ankakhoza mayeso oyeza nzeru, ndipo akapatsidwa nkhani yofuna kuweruza chabwino ndi choipa ankayankha mogwira mtima. Chimene chinafa mwa iye ndi kukhudzika. Ankatha kuona zithunzi za ngozi zoopsa mtima uli zii, ndipo mwini wake ankadziwa kuti kale zikanamusautsa. Akanakhala kuti anthu osakhudzika ndiwo amasankha bwino, Elliot akanakhala katswiri. Koma ntchito inamuthera, chuma chake anachitaya pa bizinesi ndi munthu wosadalirika, banja lake linapasuka. Ankatha kutchula njira khumi zothetsera vuto, koma panalibe chomukoka kuti iyi ndiyo yoyenera, iyo ndi yoopsa. Ndikaona mmene tikuphunzitsira ana athu, ndimaona kuti tikuumba dala munthu wotereyu, wodziwa kuyala mfundo koma wopanda chomubaya mkati.

Kafukufuku amene amandivutitsa kwambiri ndi wa Stanley Milgram, amene anayamba mu 1961 ku yunivesite ya Yale. Amuna wamba anaitanidwa n'kuuzidwa kuti akuthandiza kufufuza mmene anthu amaphunzirira. Ntchito yawo inali kudina batani lomenya munthu wina ndi magetsi nthawi iliyonse akalakwitsa yankho, mphamvu ya magetsiyo ikukwera pang'onopang'ono mpaka mavolti 450. Magetsiwo anali abodza ndipo womenyedwayo, amene anali m'chipinda china, ankangochita sewero, koma odinawo sankadziwa. Atafika pa mavolti 300 womenyedwayo ankagunda khoma, kenako n'kusiya kuyankha. Mwa amuna 40, amuna 26 anapitiriza mpaka batani lomaliza, chifukwa mkulu wovala chovala cha akatswiri ankangowauza modekha kuti apitirize.

Ambiri akamafotokoza nkhaniyi amathera pa nambala ya 26. Ine chimandigwira ndi chimene Milgram anaona pa matupi a anthuwo. Ankatuluka thukuta, ankanjenjemera, ankachita chibwibwi, ankaluma milomo. Mtima wawo unali utaweruza kale, ndipo unaweruza bwino. Chinawasowa ndi chizolowezi chokhulupirira kunjenjemerako n'kukusandutsa mawu oti ayi pamaso pa munthu waudindo. Milgram atasintha zinthu pang'ono, zotsatira zinasinthanso. Pamene wodinayo ankayenera kugwira yekha dzanja la womenyedwayo n'kuliika pa chitsulo, omvera mpaka mapeto anatsika kufika pa 12 mwa 40. Pamene anaikidwa pamodzi ndi anzake awiri amene anakana kupitiriza, anatsala 4 okha mwa 40. Kuona nkhope ya wovutikayo ndi kuona mnzako akukana, zinthu ziwirizi zinachita zimene malangizo olembedwa sakanachita.

Ife Amalawi nkhani imeneyi isatidutse. Kwa zaka 30, kuyambira 1964 mpaka 1994, tinkaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kumverako kunalowa m'mafupa, chifukwa sikunaphunzitsidwe pa bolodi pokha. Kunaphunzitsidwa ndi mantha enieni, ndi nyimbo, ndi magule, ndi kuona zimene zinkagwera wosamvera. Amene anaphunzitsa zimenezo ankadziwa bwino kuti njira yofikira khalidwe la munthu imadutsa mumtima. Chipani chimodzi chinatha, koma "inde bwana" anatsala m'maofesi, m'zipatala, m'mipingo ndi m'makalasi. Tsono ife tikufuna kuzula ndi timabuku chinthu chimene chinabzalidwa ndi mantha. Sizingatheke.

Kwa abusa ndi aphunzitsi a Baibulo ndili ndi nkhani ina. Mu 1973 John Darley ndi Daniel Batson anasindikiza zimene anapeza pa sukulu ya ubusa ya Princeton. Ophunzira anatumidwa mmodzimmodzi kukalankhula m'nyumba ina, ena mwa iwo pa fanizo la Msamariya wachifundo. Panjira anaikapo munthu atazyolika pa khomo, akutsokomola ndi kubuula. Ena anauzidwa kuti achedwa kale, ena kuti nthawi ilipo. Mwa amene sanali pa changu, 63 pa 100 alionse anathandiza. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa, 10 okha pa 100. Kukhala ndi fanizolo m'mutu sikunasinthe zinthu kwenikweni. Fanizo analidziwa, koma nkhawa yoti akhumudwitsa amene akuwadikira inaphimba maso awo. Kodi ndi kangati timauza ophunzira athu kuti changu, kutopa ndi kuopa kudzudzulidwa ndizo zidzawalanda chifundo, ndi kuti aphunzire kuzizindikira zikamabwera?

Tsopano ndimve mbali inayo, chifukwa ili ndi mfundo yolemera. Pali anthu anzeru amene amati mtima ndi umene watipweteka m'dziko muno. Mu Januwale 2016 ku Neno, agogo anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu olusa atawaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, moti bungwe la United Nations linachotsa ena mwa ogwira ntchito ake m'maboma okhudzidwawo. Ophawo sanali anthu osakhudzika. Anali odzaza ndi chisoni, mantha ndi mkwiyo, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti akuteteza ana awo.

Ngakhale chifundo chenicheni chimasokeretsa. Batson yemwe uja, pa kafukufuku wina wa 1995, anafotokozera anthu za mtsikana wodwala kwambiri amene anali pa mzere wodikira thandizo. Amene analimbikitsidwa kudziika m'malo mwa mtsikanayo, ambiri anasankha kumudumphitsa mzere, ngakhale ankadziwa kuti patsogolo pake pali ana ovutika koposa. Paul Bloom analemba buku lathunthu mu 2016, Against Empathy, kuchenjeza za zimenezi. Ife sitikusowa buku kuti tizidziwe. Mkulu amene amalemba ntchito mwana wa mlongo wake n'kusiya wokhoza bwino nthawi zambiri sadziona ngati wakuba. Amadziona ngati munthu wachifundo amene sanaiwale kwawo. Uwakwathu umene ukudya dziko lino ndi chifundo chimene chinakula mbali imodzi.

Zonsezi ndikuvomereza, koma sizikundibweza. Zikundikankhira patsogolo. Anthu a ku Neno aja sanafike pamenepo chifukwa choti sukulu inawaphunzitsa kwambiri za mtima. Anafika pamenepo chifukwa palibe anawaphunzitsapo chochita ndi chisoni chikasanduka mkwiyo, palibe anawazoloweza kuima pakati pa gulu lolusa n'kufunsa kuti umboni uli kuti. Mtima sungachotsedwe mwa munthu kuti mutsale nzeru zokha, ndipo Elliot watisonyeza zimene zimatsala ukachoka. Ukapanda kuphunzitsidwa ndi ife, uphunzitsidwa ndi ena: wandale wofuna mavoti a mtundu wake, sing'anga woloza mfiti, uthenga wa pa WhatsApp wofalitsidwa usiku. Aristotle, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anaphunzitsa kuti kulera bwino ndi kuzoloweza mwana kusangalala ndi zoyenera kusangalala nazo ndi kuwawidwa ndi zoyenera kuwawidwa nazo. Ntchito ya nzeru ndi kuwongola chifundo kuti chifike ndi kwa mwana amene sitikumuona, wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene dzina lake sitilidziwa. Makolo anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Koma nzeru singawongole chifundo chimene kulibe.

Njira yake si yachilendo kwa ife. Mneneri Natani atapita kwa mfumu Davide pa mlandu wa mkazi wa Uriya, sanayambe ndi kumuwerengera malamulo khumi, amene Davide ankawadziwa kuposa aliyense. Anamusimbira za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mmphawi. Davide anapsa mtima n'kugamula yekha mlanduwo, ndipo ndi pamene Natani anamuuza kuti wolemerayo ndi iye mwini. Anadzutsa mkwiyo wolungama, kenako anaulozetsa pamalo pake. Agogo athu ankachita chimodzimodzi madzulo pa moto. Nthano ya mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza sinkayamba ndi tanthauzo la nkhanza. Tinkayamba talira naye mwanayo, tayimba naye, tadana ndi nkhanzazo, ndipo phunziro linkabwera pamapeto mtima utatseguka kale. Lero tatembenuza. Timayamba ndi tanthauzo, timathera pa tanthauzo, ndipo nthano timaiona ngati yotayitsa nthawi ya silabasi.

Luso la zisudzo nalonso tili nalo. M'zaka za m'ma 1980, gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, momwe munali Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkapita m'midzi, kuphatikizapo ya kufupi ndi Liwonde, kukachita masewero a zaumoyo momwe anthu a m'mudzi ankalowerera ndi kutsutsana ndi osewerawo. Masewero a Tikuferanji ndi Zimachitika analowetsa m'nyumba zathu nkhani za Edzi ndi za m'banja zimene zikwangwani zinalephera kulowetsa. Augusto Boal wa ku Brazil anayambitsa zisudzo zimene woonerera amaimitsa sewero, n'kulowa m'malo mwa woponderezedwayo kuti ayese njira yake. Ku America, Mary Gentile anakonza maphunziro otchedwa Giving Voice to Values, amene buku lake linatuluka mu 2010. Iye safunsa ophunzira ngati chinthu chili chabwino kapena choipa. Amawauza kuti: tinene kuti mukudziwa kale choyenera, tsono mudzanena mawu ati, kwa yani, ndipo akakuyankhani mwakuti mudzati chiyani? Ophunzira amalemba mawuwo n'kumayeserera mokweza.

Izi ndi zimene ndikufuna kuziona m'kalasi. Wophunzira za akawunti aimirire pamaso pa anzake, wina akhale bwana wa vocha ija, ndipo ayese kukana. Mawu adzanjenjemera, anzake adzaseka, adzalephera. Ayesenso mawa lake, mpaka pakamwa pazolowere kunena kuti, "Pepani bwana, popanda umboni woti katundu wafika sindisayina." Mtsikana wa Fomu 2 ayeserere kuyankha mwamuna wamkulu womulonjeza foni. Mnyamata ayeserere chonena pamene anzake agwira wakuba pa msika ndipo wina wathamangira petulo. Wosewera mpira sitimuphunzitsa kumenya penate pomulembetsa notsi, ndipo kulimba mtima nakonso kumafuna kuyeserera thupi likunjenjemera. Ndipo asanalandire satifiketi, aliyense amene adzagwire ndalama za boma akhaleko tsiku lathunthu pa chipatala cha boma, pa benchi ya odikirira odwala, amve yekha mayi akuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku famase.

Za anamwino ndi madokotala ndilankhule mosamala, chifukwa ambiri amalowa ntchitoyi ndi chifundo chochuluka. Kafukufuku wa Mohammadreza Hojat ndi anzake ku Jefferson Medical College ku Philadelphia, wosindikizidwa mu 2009, anapeza kuti kumvera chisoni odwala kunkatsika kwambiri m'chaka chachitatu cha maphunziro, chaka chimene ophunzira amayamba kukhala m'mawodi. Ngati zili choncho kumene zipangizo zilipo, nanga namwino wathu amene watsala yekha usiku ndi wodi yodzaza? Mtima wake suuma chifukwa choiwala lumbiro. Umauma chifukwa waona imfa zambiri ndipo palibe anamufunsapo mmene akumvera. Mayi woyembekezera akakalipiridwa m'chipinda chochirira, ife timathamangira kunena kuti namwinoyo akaphunzirenso malamulo a ntchito. Alangidwe ndithu ngati walakwa. Koma sukulu imene inamuphunzitsa kubaya jakisoni inayeneranso kumuphunzitsa chochita ndi kutopa, mkwiyo ndi chisoni chake, ndipo boma limene lamusiya yekha m'wodi lili ndi mlandu wake.

Aphunzitsi andiuza kuti m'kalasi ya ana oposa 100 zimenezi ndi maloto, ndiponso kuti chimene sichibwera pa mayeso sichiphunzitsidwa. Kuchuluka kwa ana ndi vuto lenileni, koma nthano ndi sewero sizifuna labotale kapena magetsi, ndipo pansi pa mtengo zimayenda bwino kuposa kukopera notsi. Za mayeso ndiye pagona nkhani. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira, ndipo ana analembanso chaka chotsatira. Ana ambiri mwa amenewo anali ataphunzira za kukhulupirika m'kalasi. Mlungu umodzi umenewo unawaphunzitsa za akuluakulu a dziko lawo zambiri kuposa mitu yonse ya m'buku. Mwana amaphunzira khalidwe poona amene akulemekezedwa ndi amene akunyozedwa. Akaona wakuba wodziwika akupatsidwa mpando wakutsogolo m'tchalitchi chifukwa wapereka matumba a simenti, mtima wake walemba kale notsi zake.

Chenjezo limodzi, lolemera. Kuphunzitsa mtima si kuopseza. Mphunzitsi amene amagwaditsa mwana pa dzuwa kapena kumuchititsa manyazi pa asembule nayenso akugwiritsa ntchito mtima, koma chimene akubzala ndi "inde bwana" yemwe uja, ndi luso lobisa. Mwana woopa chikwapu amaphunzira kusagwidwa. Amene tikumufuna ndi woti akabera mnzake, tulo timusowe ngakhale palibe wamuona, ndipo ameneyo amakula pamene analoledwa kulankhula, kulira, kutsutsa ndi kupepesa popanda kunyozedwa.

Choncho ndikulankhula nanu a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene mumalemba silabasi. Chepetsani matanthauzo oloweza mu Life Skills, muike nthawi ya nthano, sewero ndi mtsutso, ndipo muilembe m'ndondomeko kuti mphunzitsi asaope kuti akuba nthawi. Inu a MANEB, pezani njira yoti gawo la malikisi lichokere pa zimene mwana wachita ndi kunena m'kalasi chaka chonse. Inu a makoleji a aphunzitsi, a anamwino, a polisi ndi a akawunti, wophunzira asatuluke pa chipata chanu asanayeserepo kukana lamulo loipa la mkulu wake, mokweza, pamaso pa anthu. Ndipo inu makolo, mwana wanu akabwera madzulo ano n'kukuuzani kuti mnzake anamenyedwa popanda chifukwa, musathamangire kumuuza kuti si zake. Mufunseni kuti iye anamva bwanji, ndipo mumuthandize kupeza chimene akanene mawa.